Kamera ya vidiyo ija ili m'sutikesi: kuigwiritsa ntchito pa msonkhano wa pa intaneti

M'nyumba zambiri kuno ku Mozambique, ku Ulónguè, ku Furancungo ngakhalenso mumzinda wa Tete, muli makamera a vidiyo amene anabwera ndi abale ochokera ku Joni, kapena amene ankajambulira maukwati mafoni asanalande ntchitoyo. Ambiri akungogona m'sutikesi limodzi ndi chaja chake. Kamera yotere itha kukhala diso la msonkhano wa pa Zoom, Google Meet, Teams kapena WhatsApp ya pa kompyuta, ndipo pa zochitika zina imaiposa foni kutali.

Foni ndi yabwino polankhulana anthu awiri. Koma pakakhala zokambirana za ukwati, ankhoswe ali pabwalo uku amalume ali ku Johannesburg, kapena gulu la alimi a mbatatesi ku Tsangano likufuna kuonetsa wogula wa ku Beira katundu amene ali m'matumba, foni imangoyenda m'manja mwa anthu. Amene ali kutali amaona denga, kenako mphuno ya munthu, kenako dothi. Kamera ya vidiyo mumaikhazika malo amodzi, imatenga anthu onse, ndipo galasi lake limakoka chinthu chakutali chithunzi osaphwanyika.

Ndinenerethu kuti kulumikiza kamerayo si ntchito yaikulu. Zimene zimagwetsa msonkhano ndi mawu ndi netiweki, n'chifukwa chake pa ziwirizo ndichedwapo.

Choyamba, tsegulani tizitseko ta pambali pa kamera

Zimene mugule zidalira mabowo amene mupeze pansi pa tizitseko ta rabara tija.

Mukapeza bowo lolembedwa HDMI OUT, mwayi ndi wanu. Makamera ambiri a Sony Handycam, Canon Legria ndi Panasonic amene amajambulira pa khadi ali nalo. Bowolo limakhala laling'ono kuposa la pa TV, ndipo lilipo la mitundu iwiri, mini ndi micro. Ziwirizi sizilowana. Popita kukagula chingwe nyamulani kamera yeniyeniyo mukayese pomwepo, musadalire kufotokoza pakamwa.

Apa ndi pamene ambiri amataya tsiku. Laputopu nayonso ili ndi bowo la HDMI, ndiye munthu amalowetsa chingwe cha kamera m'menemo n'kumadikira chithunzi. Sichibwera. Bowo la HDMI la pa laputopu ndi lotulutsira chithunzi kupita ku TV, sililandira kanthu. Chingwe cha USB chomwe chinabwera ndi kamera nachonso pa makamera ambiri ntchito yake ndi yosamutsira mavidiyo ojambulidwa kale basi. Chofunika pakati pa kamera ndi kompyuta ndi kachipangizo kotchedwa HDMI capture card. Kotsika mtengo kamakula ngati fulashi yonenepa: mbali imodzi kali ndi bowo la HDMI, mbali inayo kamalowa pa USB. Kompyuta imakaona ngati webcam wamba, kamera ya pa kompyuta ija, sikafuna pulogalamu yapadera. Tambiri timalembedwa 4K ndi USB 3.0 pa katoni koma timatulutsa 1080p kapena 720p. Musakangane ndi wogulitsa pa zimenezo, chifukwa pa msonkhano wa pa intaneti 720p ndi yokwana.

Musanagule capture card, lumikizani kamera ku TV ndi chingwe cha HDMI, muiyatse ili pojambulira, osati poonetsera zakale. Ngati TV ikuonetsa zimene galasi likuona nthawi yomweyo, kamerayo igwira ntchito. Alipo makamera ena, makamaka otchipa opanda dzina lodziwika, amene amatulutsa chithunzi pa HDMI pokhapokha mukamaonera zojambulidwa kale. Yotereyo ibwezeni m'sutikesi.

Kamera yakale yopanda HDMI imakhala ndi bowo la AV, la chingwe cha mitu itatu chija: wachikasu wa chithunzi, woyera ndi wofiira a mawu. Iyi imafuna capture card ya AV, imene ogulitsa ambiri amaitchula EasyCap. Chithunzi chake ndi cha TV zakale, 720 x 576 ngati kamera ndi ya PAL monga ambiri ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya, 720 x 480 ngati ndi ya NTSC yochokera ku America. Mukasankha molakwika mu pulogalamu, chithunzi chimabwera chopanda mitundu kapena chikuthamanga. Nkhope zimaoneka ndithu, koma zolembedwa papepala siziwerengeka bwino.

Makamera a kaseti ya MiniDV ali ndi bowo lina lolembedwa DV kapena i.LINK, lomwe ndi FireWire. Malaputopu a masiku ano alibe bowo limeneli, ndipo zingwe zotchipa zonena kuti zimasandutsa FireWire kukhala USB sizinyamula chithunzi. Gwiritsani ntchito bowo la AV basi.

Konzani menyu ya kamera isanalumikizidwe

Kamera inapangidwa kuti izisunga batire, ndiye ikakhala mphindi zochepa osakhudzidwa imadzizimitsa. Fufuzani pamene palembedwa Power Save, Eco Mode kapena Auto Power Off, muzimitse. Fufuzaninso Demo Mode. Imeneyi ikasiyidwa, kamera imayamba yokha kuonetsa zamalonda za kampani yake pakati pa zokambirana. Ngati ndi ya kaseti, chotsani kasetiyo, chifukwa ambiri mwa makamerawa amazima akaima kwa mphindi zisanu kaseti ili m'kati.

Kenako chotsani zolembalemba za pa chithunzi: chizindikiro cha batire, nthawi, tizibokosi totsata nkhope. Pa makamera ena mumangodina batani la DISP mpaka zichoke, pa ena muli m'menyu pansi pa Display Output kapena Onscreen Displays. Pa HDMI Resolution sankhani 1080p kapena 720p. Mukasiya pa 1080i, munthu akagwedeza dzanja m'mbali mwake mumatuluka timizere ngati mano a chipeso.

Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya kuno, ndi a 50 Hz. Kamera yochokera ku America inazolowera 60, ndiye pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethiraphethira. Ikani shutter, liwiro limene kamera imatsegulira ndi kutsekera kuwala, pa 1/50 kapena 1/100 ngati menyu ikulola. Digital zoom izimitseni, isiyeni ya galasi yokha.

Batire la kamera ya zaka khumi musalikhulupirire. Lumikizani chaja ku magetsi, koma batirelo likhalebe m'malo mwake kuti magetsi akathima kamera isazime nthawi yomweyo. Ma Handycam ena ang'onoang'ono amalandira moto kudzera pa USB, ndiye power bank imatha kuwayendetsa. Izi yesani dzulo lake.

Kulumikiza

Lowetsani chingwe cha HDMI mu kamera ndi mu capture card, kenako capture card pa USB ya laputopu mwachindunji, osadutsira pa hub, kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB. Yatsani kamera. Pa Windows tsegulani pulogalamu ya Camera, imene pa makompyuta a Chipwitikizi imalembedwa Câmara, mudine chizindikiro chosinthira kamera. Chithunzi cha kamera yanu chikatuluka, tsekani pulogalamuyo. Musaiwale kutseka, chifukwa nthawi zambiri Windows salola mapulogalamu awiri kugwira kamera imodzi, ndiye Zoom ingokupatsani mdima.

Mu Zoom, Meet kapena Teams pitani pa zokonzera za vidiyo, musankhe kamera. Simupeza dzina la Sony kapena Canon. Muona USB Video kapena dzina lofanana nalo, ndiyo imeneyo. Ngati sikuoneka, onani pa Privacy mu Settings ya Windows ngati mapulogalamu aloledwa kugwiritsa ntchito kamera. Mukadziona mwatembenuzika, zolemba za pa malaya zikuwerengeka chobwerera, musavutike: ndi inu nokha mukuona choncho, anzanu kutali akuona bwino.

Pulogalamu ina ikakana capture card, kapena EasyCap ikamavuta, ikani OBS Studio, yomwe ndi yaulere. Mmenemo onjezani Video Capture Device, musankhe kachipangizo kanu, mudine Start Virtual Camera, kenako mu Zoom musankhe OBS Virtual Camera. Koma OBS imalemetsa laputopu yofooka, ndiye ngati zinthu zikuyenda popanda iyo, isiyeni. Ndipo amene mukuganiza zolowetsa capture card mu foni kuti muimbe WhatsApp, dziwani kuti WhatsApp ya pa foni imagwiritsa ntchito makamera a foniyo. Pa njira iyi laputopu siithawika.

Mawu

Anthu amapirira chithunzi choipa kwa ola lathunthu. Mawu osamveka sawapirira mphindi zitatu. Amalume amayamba kufunsa kuti "mwati bwanji?", wolankhula amabwereza mokweza, ena amayamba nkhani zawo, ndipo zokambirana zathera pomwepo.

Maiki ya pa kamera imamva chilichonse chomwe chili pafupi nayo. Kamera ikakhala mamita anayi kuchokera kwa anthu kuti iwatenge onse, zomwe zili pafupi nayo ndi mphepo, nkhuku, njinga yamoto yodutsa pamsewu ndi kupuma kwa wogwira kamerayo. Agogo amene akulankhula motsitsa, monga akuluakulu amalankhulira pa nkhani zolemera, samveka n'komwe. Lamulo lake ndi limodzi: maiki ikhale pafupi ndi pakamwa, kamera ikhale kumene ikuona bwino. Ziwirizi sizikhala malo amodzi.

Ngati kamera ili ndi bowo lolembedwa MIC, lowetsanimo maiki ya chingwe chachitali, ya pakolala kapena yogwira m'manja yokhala ndi mutu wa 3.5 mm. Mawu adzayenda limodzi ndi chithunzi pa HDMI, ndiye milomo ndi mawu sizisiyana. Mu Zoom, pa Microphone, sankhani dzina la capture card, lomwe kawirikawiri limalembedwa USB Digital Audio kapena Digital Audio Interface. Mukaiwala apa, laputopu ipitiriza kumva ndi kamaiki kake ka pafupi ndi kiyibodi, inu n'kumadabwa kuti maiki mwagula ija yafa. Gogodani maikiyo ndi chala muone ngati mzere wobiriwira mu Zoom ukudumpha.

Makamera otchipa ambiri alibe bowo la MIC. Pamenepo maiki ilowe mu laputopu, ya USB ndiyo sivuta. Mawu atha kutsogola pang'ono chifukwa chithunzi chimachedwa mu capture card. Ombani m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, mnzanu amene ali kutali akuuzeni ngati phokoso ndi manja zikugwirizana. Kusiyana kwakung'ono sikusokoneza kukambirana.

Kutchalitchi kapena pamaliro pamene pali kale mikisa ndi masipika, tengani mawu kuchokera pa mikisa, osati kuloza maiki ku sipika. Koma mawu a pa mikisa ndi amphamvu kwambiri kwa bowo la MIC la kamera. Yambani voliyumu ili pansi penipeni, muzikweza pang'onopang'ono, apo ayi kutali kuzimveka kuphwanyika kokhakokha. Palinso chinthu china chimene chimadabwitsa anthu: Zoom imayesetsa kuchotsa phokoso kuti mawu a munthu amveke, ndipo nyimbo ya kwaya ndi ng'oma imaziyesa phokoso. Kwaya ikayamba, kutali amamva nyimbo yodukaduka. Pa zokonzera za Audio yatsani Original sound for musicians, ndipo nyimbo ikatha muzimitsenso.

Chomaliza pa mawu: pamalo amodzi, chipangizo chimodzi chokha ndicho chikhale ndi maiki ndi sipika zotsegula. Mwana akalowa msonkhano womwewo pa foni yake ali chapafupi, kulira koboola makutu kuja kumayamba. Sipika yomvera anthu akutali isayang'ane maiki, ndipo musaikweze kuposa pofunika. Sipika ya Bluetooth imachedwetsa mawu, ina imalanda ntchito ya maiki mwakachetechete. Ya chingwe ndiyo yodalirika.

Netiweki ndi mamega

Timazolowera kuyesa netiweki ndi kufulumira kwa kutsegula vidiyo pa Facebook. Kumeneko ndi kulandira. Pa msonkhano inu mukutumiza chithunzi, ndipo liwiro lotumizira pa netiweki ya foni nthawi zambiri limakhala lotsika kuposa lolandirira. Tsegulani Speedtest, yoyezera liwiro la intaneti, muli pamalo penipeni pochitikira msonkhano, pa ola lomwelo la tsiku, muyang'ane nambala ya upload, lomwe ndi liwiro lotumizira. Zoom imanena kuti chithunzi cha 720p pakati pa anthu awiri chimafuna 1.2 Mbps kutumiza ndi kulandira, ndipo pagulu kutumiza kumafuna 2.6 Mbps. Chithunzi wamba chimayenda pa 600 kbps. Ngati upload yanu ili pansi pa 1 Mbps, zimitsani HD mu Zoom musanayambe. Chithunzi chofewa choyenda bwino chimaposa chakuthwa choima.

Yesani Movitel, Vodacom ndi Tmcel ngati muli ndi ma SIM ake, chifukwa m'mapiri a Angónia ndi Macanga netiweki imene ikugwira pakhomo pano si imene ikugwira kutsidya kwa dambo. Madzulo anthu akaweruka netiweki imalema, ndiye zotsatira za m'mawa sizikuuzani za usiku.

Masamu a mamega ndi osavuta. 1.2 Mbps kwa ola limodzi ndi mamega 540 mbali imodzi, ndiye kutumiza ndi kulandira pamodzi zimapitirira giga imodzi pa ola. Zokambirana za ukwati sizitha ola limodzi, tonse tikudziwa. Gulani zokwanira maola atatu, ndipo onetsetsani kuti ndi mamega a intaneti yonse, osati a WhatsApp ndi Facebook okha, amene Zoom sawadya. Pa laputopu, ikani kulumikizana kwanu pa Metered connection kuti Windows isayambe kudzikokera zatsopano pakati pa msonkhano. Tsekaninso masamba onse amene simukuwafuna.

Foni yopereka intaneti itha kulumikizidwa ku laputopu ndi chingwe, pa USB tethering, ndipo imalandira moto pomwepo. Koma ngati netiweki imagwira pazenera pokha kapena pamwamba pa khoma, ikani foniyo pamenepo, muyatse hotspot, laputopu ikhale pafupi. Foniyo isakhale ya munthu amene amaimbiridwa pafupipafupi, chifukwa pa mafoni ambiri kuimba kukalowa intaneti imaduka kapena kufooka.

Okhala m'malire, ku Calómuè, ku Zóbuè ndi midzi yotsata msewu wa Dedza ndi Ntcheu, samalani china. Foni itha kudumphira pa TNM kapena Airtel ya ku Malawi inu osadziwa, mamega anu osagwira ntchito, ndalama ya mufoni n'kutha. Zimitsani data roaming, ndipo netiweki muisankhe pamanja, isamadzisankhire. Kumene kuli Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Mozambique mu 2023, vuto la upload limachepa, ngakhale mvula yamphamvu imaisokoneza.

Dziwaninso malire a mapulogalamu aulere. Zoom yaulere imadula pa mphindi 40. Google Meet yaulere imadula pa mphindi 60 mukakhala atatu kapena kuposa. WhatsApp imalola anthu mpaka 32 ndipo siwerenga mphindi, ndiye pa nkhani za pabanja nthawi zambiri ndiyo imapambana, popeza aliyense ali nayo kale. Skype iwaleniko, Microsoft inaitseka mu May 2025.

Pokhazika kamera

Kuwala kuzichokera kumbuyo kwa kamera, kugwere pa nkhope za anthu. Mukawakhazika chofulatira khomo lotsegula kapena zenera, kamera imatsata kuwala kwa kunjako, nkhope zonse n'kuda bii. Pakhonde anthu ayang'ane kunja, kamera ifulatire bwalo. Pansi pa mtengo wa mango pamazizira bwino koma dzuwa lodutsa m'masamba limapanga mawangamawanga pa nkhope. Mthunzi wa nyumba ndi wabwino kuposa.

Kamera ikhale pa tripod, chokhazikirapo cha miyendo itatu, kapena pa tebulo lolimba, galasi likhale mulingo wa maso a anthu atakhala pansi. Ngati amayi ali pamphasa, abambo pamipando, tsitsani pang'ono kuti amayiwo asamaonekere pamwamba pa mipango yokha. Mukaikhazika, zimitsani SteadyShot kapena stabilizer, yoletsa chithunzi kugwedezeka, ndipo focus muiike pamanja ngati ana azidutsadutsa kutsogolo.

Bowo la HDMI la pa laputopu lija lili ndi ntchito yake pano: lumikizani ku TV kuti gulu lonse liziona abale akutali. Kamera iikeni pafupi ndi TV, pamwamba kapena pambali penipeni. Anthu amayang'ana nkhope imene akulankhula nayo, ndiye TV ikakhala uku kamera uko, akutali aziona anthu akulankhulira kumbali nthawi yonse.

Wogwira kamera adziletse. Kukoka ndi kubweza zoom, kapena kuyendetsa kamera uku ndi uku, kumachulutsa zimene netiweki iyenera kunyamula, ndipo chithunzi chimasweka timabokosi. Pa nkhani ya mbatatesi ija, thirani pang'ono pa nsalu yakuda, ikani bokosi la machesi pambali kuti kukula kuoneke, dulani imodzi pakati, kokani zoom pang'onopang'ono, kenako chotsani dzanja pa kamera muwerenge mpaka khumi. Chithunzi chimayera kamera ikaima, ndipo wogula aona khungu, maso ndi mkati mwa mbatatesiyo.

Ku Angónia kutentha si nkhani. Kumunsi, mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara, mu October ndi November kumapitirira madigiri 40. Kamera, capture card ndi foni ya hotspot zonse zimatentha zikamagwira ntchito, ndipo foni ikatenthetsa imachepetsa liwiro kapena kuzimitsa hotspot yokha. Zonse zikhale pamthunzi, foni muivule chikuto, laputopu isakhale pa bulangeti kapena pamiyendo.

Tsiku lake

Yesani zonse dzulo lake ndi mmodzi wa anthu akutaliwo, pa ola lomwelo. Onani mita ya Credelec ngati ili ndi magetsi okwanira, dzazani laputopu ndi power bank. Jenereta ikakhalapo, ikhale kuseri kwa nyumba pa chingwe chachitali. Nthawi ya kuno ndi yofanana ndi ya Johannesburg, Lilongwe, Lusaka ndi Harare, koma Lisboa ili kumbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, ndiye polemba uthenga tchulani kuti ndi nthawi ya kuno.

Akuluakulu auzidwe kuti ndani akuonera kutaliko, mwa mayina, msonkhano usanayambe. Pamaliro funsani eni mbumba chimene chionetsedwe ndi chimene chisaonetsedwe, musaloze kamera m'nyumba ya siwa popanda chilolezo. Linki ya msonkhano tumizani kwa munthu aliyense payekha, osaiponya m'gulu lalikulu, ndipo pa Zoom yatsani Waiting Room kuti muziona amene akulowa. Ngati mukufuna kusunga zokambiranazo, kamera itha kujambulira pa khadi nthawi yomweyo, koma makamera ena amadula HDMI mukadina REC, ndiye nachonso chiyesedwe dzulo lake.

Pakhale munthu mmodzi wokhala pa laputopu amene alibe mbali pa zokambirana. Chithunzi chikada mwadzidzidzi, ayambe wayang'ana ngati kamera siinazime, kenako kachingwe ka micro HDMI, kamene kamasolola mosavuta. Kumangirira chingwecho ku mwendo wa tripod ndi tepi kumathandiza. Zikakanika, azule capture card, aibwezeretse, asankhenso USB Video. Mawu akayamba kudukaduka, apemphe akutali onse kupatula wolankhula kuti azimitse makamera awo. Zikapitirira, azimitse chithunzi chanu kwa mphindi zingapo kuti mawu adutse, adzachiyatse netiweki ikabwerera. Ndipo nambala ya amalume ikhale yokonzeka pa foni ina yokhala ndi ndalama zoimbira, kuti intaneti ikathawiratu ankhoswe amalize nkhani pa sipika ya foniyo.